Njira za ana zikutha m'makomboni a Lusaka

Munthu amene waimapo m'mbali mwa Los Angeles Road cha m'ma 6 koloko m'mawa akhoza kutsutsa mutu wa nkhani ino. Ana a sukulu amakhala ali mbwee, ena kulowera m'tauni, ena kulowa mkati mwa Kanyama, wamkulu atagwira dzanja la mng'ono wake. N'chimodzimodzi pa Commonwealth Road ku Matero, pa Chifundo Road ku Chawama ndi pa Alick Nkhata Road, msewu umene umadutsa m'mphepete mwa Kalingalinga kupita ku Mtendere. Ana a m'komboni akuyendabe okha, mwinanso ochuluka kuposa kale lonse. Chimene chachepa ndi dera limene kholo lingalole mwana wake kuyendamo mtima uli m'malo. Achepanso maulendo amene mwana amayenda mwa kufuna kwake, asanatumidwe ndi munthu kapena kuitanidwa ndi belu la sukulu.

Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika chifukwa muyeso umene akatswiri amagwiritsa ntchito pa nkhaniyi unachokera kwina. Mu 1990 Mayer Hillman ndi anzake anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti ku England mu 1971 ana 80 mwa 100 alionse a zaka 7 ndi 8 ankapita okha ku sukulu, koma pofika 1990 anali atatsala 9 okha. Kumeneko makolo ataopa magalimoto anayamba kunyamula ana awo pa magalimoto omwewo. Tikatenga muyeso umenewo n'kuuika pa komboni ya George kapena ya Chawama, tidzanena kuti zonse zili bwino, pakuti pafupifupi mwana aliyense amapita yekha ku sukulu. Kafukufuku amene bungwe la JICA la ku Japan linachita pokonza mapulani a mzinda wa Lusaka mu 2009 anapeza kuti pafupifupi maulendo awiri mwa atatu alionse mumzindawu ndi apansi. Mayi wogulitsa tomato pa Soweto Market, amene amanyamuka pakhomo kusanache, alibe galimoto yobisamo mwana wake, ndipo alibe nthawi yomuperekeza. Mantha ake amathera m'malamulo: usawoloke tala, usadzere kumabala, ukaweruka ubwere molunjika, dzuwa lisakulowere panja. Malamulo amenewa ndiwo akuchuluka chaka ndi chaka, ndipo palibe ofesi imene imawawerenga.

Makomboni a Lusaka anamangidwa ndi anthu oyenda pansi, ndipo anawamangira mapazi. Mzindawu utakhala likulu mu 1935, mapulani ake anasamalira azungu ndi antchito a boma owerengeka. Anthu ena onse anakakhala pa mafamu ndi pa migodi ya miyala ya eni malo, ndipo maina a eni malowo akadalipo mpaka lero: John Laing, John Howard, ndi George, amene anatchedwa dzina la George Hadjipetrou. Matero inali yosiyana chifukwa inamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950, nyumba zake zili m'mizere ndipo misewu yake ndi yowongoka. Mtendere inabwera ufulu utapezeka kale, m'zaka za m'ma 1960, boma likugawa mapuloti kuti anthu adzimangire. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena amene kale ankatchedwa osaloledwa, ndipo ndi ngongole ya World Bank linalowetsa madzi ndi misewu yowerengeka mu George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Kalingalinga inakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany. Misewu ya nthawi imeneyo inali yoti mudutse paipi, ambulasi ndi lole yotola zinyalala. Kwina konse kunali tinjira.

Tinjirati tinkadutsa pa makomo a anthu. Mwana wotumidwa mchere ankadutsa pa mabwalo a nyumba khumi, ndipo pa khomo lililonse panali munthu womudziwa kuti ndi mwana wa auje. Akachedwa, uthenga unkafika kwa amake iye asanafike. Pakati pa nyumba panali malo opanda kanthu pomwe anyamata ankamenyera mpira wa mapepala ndi kuyendetsa magalimoto a mawaya, atsikana akusewera waida ndi chiyato. Sindikunena kuti inali paradaiso. Fumbi linalipo, matope analipo, ndipo madzi osefukira a mu 1978 anagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama. Koma galimoto inali mlendo, ndipo mwana wa zaka 10 ankadziwa komboni yake yonse ndi ina yoyandikana nayo.

Mlendoyo tsopano ndiye mwini msewu. Cha m'ma 2006 magalimoto olembetsedwa m'Zambia yense sankafika 200,000. Pofika 2019 anali atapitirira 800,000, ambiri mwa iwo ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, ndipo gawo lalikulu limayenda mu Lusaka. Kampani ya mabasi ya boma, United Bus Company of Zambia, inatha mu 1995, ndipo malo ake anatengedwa ndi maminibasi a anthu. Sitima yapamtunda ya Njanji, imene inkanyamula anthu kuchokera ku Chilenje kudutsa m'tauni mpaka ku George, inaleka kuyenda m'zaka zomwezo za m'ma 1990, ndipo pamene panali njanji zake anthu anamangapo. Dalaivala wa minibasi amagwira ntchito yothamangitsa ndalama imene mwini basi amafuna tsiku lililonse. Amaima paliponse pamene ng'wang'wazi, woitanira anthu m'basi, wamuimika, amadzera m'mbali mwa msewu pothawa mzere, ndipo m'mbalimo ndi momwe muli ana.

Chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi tala, ngakhale kuti kunena zimenezi kumamveka ngati kusayamika. Pulojekiti ya L400, imene inayamba mu 2013 ndi ndalama zoposa madola 340 miliyoni zochokera makamaka ku ngongole ya ku China, inakonza misewu pafupifupi makilomita 400 mumzindawu, ndipo yambiri inalowa m'makomboni. Anthu anakondwera, ndipo panali chifukwa: fumbi linachepa, mabasi anayamba kufika pafupi, mitengo ya nyumba inakwera. Misewu ina ikuluikulu inapatsidwa tinjira ta oyenda pansi. Koma yambiri ya mkati mwa makomboni inangothiridwa tala pakati, ndipo mbali zonse ziwiri anakumba ngalande zakuya zosavundikira. Malo amene anatsala pakati pa ngalande ndi nyumba anatengedwa ndi tuntemba, owotcherera zitsulo, otsuka magalimoto, milu ya mchenga ndi mabuloko ogulitsa. Mwana anatsala ndi njira imodzi yokha, yomwe ndi pa tala penipeni. Kale maenje a mumsewu ndiwo ankagwira ntchito ya apolisi, chifukwa palibe ankathamanga pa msewu wokumbika. Maenjewo atatsekedwa liwiro linakwera, ndipo madalaivala othawa kuthithikana kwa magalimoto pa Great East Road kapena pa Kafue Road anaphunzira kudulira m'makomboni. Munthu amene akudulira chotero sakhala kumeneko, sadziwa pamene pali sukulu, ndipo wachedwa kale ku ntchito.

Kenaka kunabwera ntchito ina yaikulu yochepetsa kuthithikana kwa magalimoto, imene inayamba mu 2018 ndi ngongole ya ku India, n'kumanga milatho yodutsa pamwamba ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Cholinga chake chinali choti galimoto isaime. Kwa mwana wa ku Misisi kapena ku Chawama amene ayenera kuwoloka Kafue Road, kapena wa ku Kalingalinga amene sukulu yake ili tsidya lina la Great East Road, galimoto yosaima ndiyo vuto lenilenilo. Milatho ya oyenda pansi ilipo malo owerengeka, koma ndi yotalikirana, ndipo mwana wochedwa belu salambalala mtunda wautali kufuna mlatho.

Malipoti a apolisi amasonyeza kuti mu 2021 ndiponso mu 2022 anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pamsewu m'Zambia chaka chilichonse, ndipo gulu lalikulu kuposa onse ndi la oyenda pansi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, limati ngozi za pamsewu ndizo zikupha anthu a zaka 5 mpaka 29 kuposa matenda alionse. Komabe ziwerengero zimenezi zimangogwira mbali imodzi. Mwana mmodzi akagundidwa pa msewu wina, mabanja mazana ambiri a m'deralo amaletsa ana awo kuwoloka msewuwo. Chaka chotsatira ngozi za ana pamenepo zikhoza kuchepa, ndipo wolemba lipoti anganene kuti msewu wakhala wabwino, pamene zoona zake n'zakuti ana authawa.

Pamene msewu unkatengedwa ndi magalimoto, malo a pakati pa nyumba ankatengedwa ndi mabuloko. Kalembera wa 2010 anapeza anthu oposa 1.7 miliyoni mu mzinda wa Lusaka, ndipo wa 2022 anapeza oposa 2.2 miliyoni. Mu 2022 dera la phungu wa Kanyama lokha linali ndi anthu oposa theka la miliyoni. Anthu onsewa anafuna pogona, ndipo mwini puloti aliyense anaona kuti bwalo limene ana ankasewerapo likhoza kukhala zipinda zitatu za lendi. Mabwalo a mpira ndi malo osewerera a khonsolo nawonso sanapulumuke. Kwa zaka zambiri, pansi pa maboma osiyanasiyana, makada a zipani ankagawa mapuloti pa malo alionse oonekera, ndipo nkhani zotere zadzaza manyuzipepala. Amene wapeza kandalama amazinga nyumba yake ndi mpanda wa mabuloko, pamwamba n'kuikapo mabotolo osweka. Mpanda uliwonse umadula kanjira kamodzi. Ulendo umene unkadutsa pa makomo a anthu tsopano umazungulira kukatulukira pa msewu wa magalimoto, kapena umadzera m'kampata kopapatiza pakati pa zipupa ziwiri, mopanda zenera ngakhale limodzi loyang'anamo.

Pamenepa mpamene pali kutayika kovuta kukuona. Chimene chinkateteza mwana kale chinali maso a anthu. Anthu a lendi amasamukasamuka, ena asanathe n'chaka chomwe, ndipo sadziwa ana a nyumba yachitatu kuchokera pawo. Wamkulu amene kale akanadzudzula mwana wa mnzake lero amaopa kuyankhidwa kuti si wanu. Ku Kalingalinga kusinthaku kwafika pena: m'mbali mwa Alick Nkhata Road mabanja akale agulitsa mapuloti awo, ndipo pamene panali nyumba pali mashopu, malo omwetsera mafuta ndi maofesi, zonse ndi zipata zotulukira magalimoto zodula njira ya oyenda pansi.

Nyengo ya mvula imachepetsanso dziko la mwana kwa miyezi itatu kapena inayi. Kanyama, Misisi ndi mbali zina za Chawama zili pa malo athyathyathya, pamwamba pa mwala wa laimu, ndipo madzi a pansi pa nthaka ali pafupi. Mvula ikagwa madzi sapita kulikonse. Amasakanikirana ndi za m'zimbudzi zokumba, amabisa ngalande, ndipo amadzaza maenje akuluakulu amene anatsala pokumba miyala, momwe ana akhala akumiramo. Dziko la America, kudzera mu Millennium Challenge Corporation, linaika madola pafupifupi 355 miliyoni pa madzi, zimbudzi ndi ngalande za Lusaka kuyambira 2013, ndipo ngalande yaikulu ya Bombay ndi mapaipi a ku Mtendere zinachokera pamenepo. Kanyama imasefukirabe. Mliri wa kolera wa 2017 mpaka 2018 unachedwetsa kutsegulira sukulu, ndipo ku Kanyama anthu analetsedwa kuyenda usiku. Wa 2023 mpaka 2024 unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 January zinatsegulidwa pa 12 February. Kholo limene laona zimenezi likamauza mwana kuti asatuluke, silikukokomeza.

Za njinga palibe zambiri zonena, chifukwa njinga ya mwana m'makomboni a Lusaka yatsala pang'ono kuzimiririka. Kale njinga ya bambo inali chuma cha banja lonse, ndipo mwana ankaiphunzira polowetsa mwendo pansi pa chitsulo chapakati asanatalike kufika pa chishalo. Ku Chipata, kum'mawa, kunali fakitale ya Luangwa Industries imene inkapanga njinga za Eagle, ndipo mpaka lero tauni imeneyo ndi ya njinga. Bungwe la World Bicycle Relief lagawa njinga za Buffalo zikwizikwi kwa ana a sukulu m'Zambia, makamaka atsikana, koma lakhala likuzipereka kumidzi, kumene vuto ndi kutalika kwa mtunda. Mu Lusaka vuto ndi kusowa poyendetsa. Njinga yatsalira onyamula makala ndi alonda obwerera ku ntchito m'mawa, anthu amene amapikisana ndi malole pa Mumbwa Road ndi Lumumba Road chifukwa alibe kuchitira mwina. Kholo loti lingakwanitse kugula njinga silingalole mwana wa zaka 12 kulowa nayo mmenemo, ndipo ku sukulu kulibe poisunga.

Mtsikana ndiye wataya kwambiri. Amatumidwa kawirikawiri kuposa mlongo wake, kukatunga madzi pa kiyosiki, kukagula makala, kukatenga mwana ku sukulu ya mkaka, motero amayenda kwambiri. Koma maulendo a kufuna kwake amatha msanga akangoyamba kusinkhuka. Njira zake zimadutsa pa masiteshoni a mabasi pomwe pamakhala anyamata omuitana, ndi pa mabala amene amatsegula m'mawa pakati pa nyumba za anthu. M'zaka zaposachedwapa mawu akuti majanki alowa m'kamwa mwa aliyense: timagulu ta anyamata, ambiri a iwo ana okhaokha, osokonezeka ndi mankhwala ozunguza bongo, amene amalanda mafoni ndi tindalama m'timipata. Chiyambi cha 2020 chinasiya chipsera china, pamene mphekesera ndi malipoti a anthu opopera mpweya wapoizoni m'nyumba ndi m'sukulu zinayambira ku Chingola n'kufika ku Lusaka. Makolo anathamangira ku sukulu kukatenga ana, ndipo anthu ambiri ongoganiziridwa anaphedwa ndi magulu olusa. Mu 2024 chilala chitachepetsa madzi a ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola oposa 20 pa tsiku m'madera ena. Maloboti a pamsewu anazima, makomboni anachita mdima wa ndiwe yani, ndipo nthawi yoti mwana akhale ali m'nyumba inabwerera m'mbuyo.

Chodabwitsa n'chakuti m'nyengo yomweyi ana oyenda pamsewu awonjezeka chifukwa cha chinthu chabwino. Kuyambira January 2022 maphunziro a m'sukulu za boma ndi aulere mpaka kumaliza sekondale, ndipo ana pafupifupi 2 miliyoni awonjezeka m'makalasi m'dziko lonse. Boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, koma zipinda zophunziriramo sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Sukulu zambiri za m'makomboni zimaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa, ena masana. Zotsatira zake n'zakuti ana ang'onoang'ono amakhala ali pamsewu nthawi iliyonse ya tsiku, ngakhale pa maola amene akuluakulu onse ali ku ntchito kapena ku msika, ndipo a masana amaweruka pamene magalimoto obwerera kunyumba achuluka. Masekondale a boma ndi ochepa poyerekeza ndi anthu a m'makomboni, motero ambiri amapita kutali, ku Kamwala, ku Libala, ku Kabulonga kapena ku Munali. Amene alibe ya basi amayenda pansi ola lathunthu kapena kuposa.

Mwana wa kumayadi sayenda yekha, koma amaona mzinda pa zenera la galimoto, ndipo amafikitsidwa ku masewera, ku maphunziro apadera ndi kwa anzake. Mwana wa m'komboni amene waletsedwa kuwoloka tala alibe chomulowera m'malo. Dziko lake limatsala njira zitatu: ya ku sukulu, ya ku msika ndi ya ku tchalitchi. Sadziwa kumene kuli laibulale, safika pa bwalo pomwe mphunzitsi wa mpira akanamuona, ndipo saphunzira kufunsa njira kwa mlendo kapena kuyerekeza liwiro la galimoto mpaka tsiku limene adzafunike kuchita zimenezi yekha. Ndikuona kuti uku ndiko kutsika kwenikweni, ndipo kwachitika pamene ndalama zoikidwa pa misewu ya Lusaka zinali zochuluka kwambiri. Umphawi paokha sungafotokoze zimenezi. Amene ankajambula misewuyo ankawerenga magalimoto.

Zoyenera kuchita n'zodziwika, ndipo zina zalembedwa kale. Mu 2019 boma linatulutsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza oyenda pansi ndi apanjinga. Cha m'ma 2020 lamulo linatsitsa liwiro kufika pa makilomita 30 pa ola pafupi ndi sukulu, ndipo pali chifukwa chake: munthu wogundidwa pa liwiro limenelo kawirikawiri amapulumuka, pamene pa 50 mwayi wake umatsika kwambiri. Mabungwe a Amend ndi Zambia Road Safety Trust asonyeza pa sukulu zingapo za mu Lusaka zimene tinthu tochepa tingachite. Pa Justin Kabwe Primary School, mu 2017, anaika mahampu, powolokera pokwera, tinjira ta oyenda pansi ndi zikwangwani, ndipo pa muyeso wa chitetezo wa bungwe la iRAP malo a pa chipata anachoka pa nyenyezi imodzi kufika pa zisanu. Koma ntchito zotere zakhala ngati tizilumba. Zimateteza mamita ochepa ozungulira chipata, pamene ulendo wa mwana umayambira pakhomo pa makolo ake. Chikwangwani cha 30 chopanda hampu, pa msewu wopanda wapolisi kapena woyang'anira wa bungwe la zapamsewu la RTSA, madalaivala amachidutsa osachiona.

Ndalama zoyambira zilipo pafupi kuposa mmene ambiri amaganizira. Thumba la chitukuko cha dera la phungu, CDF, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Zopempha zake zimayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, momwe mumakhala anthu a m'komboni momwemo. Kuvundikira ngalande ndi masilabu kuti pamwamba pake pakhale poyenda, kuika mahampu pa njira zimene ana amadzera, kutchinga bwalo la mpira limene latsala ndi kulilembetsa m'dzina la khonsolo, zonsezi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi mlatho umodzi wodutsa pamwamba. Makhansala ndi makomiti a ku Kanyama, Matero, George, Chawama, Kalingalinga ndi Mtendere, musanavomereze mndandanda wa ntchito za chaka chamawa, tengani ana a Giredi 3 a pa sukulu imodzi m'wodi mwanu, muyende nawo kuchokera pa chipata mpaka kwawo, mvula itagwa.